Kukonza pakhomo motsata chilengedwe ndi kuikapo chosema

Munthu akagula poloti, kaya ku Chileka, ku Area 49 kapena ku Chibavi, ganyu yoyamba imene amalembera anyamata ndi yolambula. Mitengo imagwetsedwa, zitsa zimazulidwa, udzu umatenthedwa. Nyumba ikatha amapita ku nazale kukagula kapinga ndi timaluwa ta m'machubu, kenako n'kuyamba kulimbana ndi bilu ya madzi chilimwe chilichonse. Koma zimene zinawonongeka tsiku loyamba lija sizigulitsidwa pa nazale. Mizu imene inazika pansi zaka zambirimbiri yapita, dothi lapamwamba lapita, mbalame nazo zasamuka.

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuti pakhomo pake pakule kuchokera pa zimene malowo ali nazo kale, kenako aikepo chosema chimodzi chooneka bwino. Ziwirizi zimayendera limodzi. Malo olekeredwa kuti zomera zachilengedwe zikule, anthu odutsa amawatcha tchire, ndipo amati mwini wake ndi waulesi. Koma pakakhala kanjira kosesedwa kolowera pa chosema chimene chaima pakati pa udzuwo, aliyense amaona kuti pali munthu amene anaganiza, ndipo maso ake amayamba kuona udzu ndi mitengo yomwe akanaidutsa osaiyang'ana.

Gawo loyamba: yendani pamalopo musanadule kanthu

Ngati mungathe, lekani nyengo imodzi ya mvula idutse musanakhudze mbali ya poloti imene sipadzakhala nyumba. Ngati ntchito yomanga yayamba kale, zingani mitengo ndi chingwe kutsata pamene nthambi zalekezera, ndipo muwauze amisiri kuti njerwa, mchenga ndi kwale zisaunjikidwe mkati mwa chingwecho. Lole ya mchenga ikaponda pansi pa mtengo kangapo, dothi limalimba gwa, mizu imabanika, ndipo mtengowo umadzauma patapita zaka, mwini wake n'kumadabwa kuti chachitika n'chiyani. Madzi otsukira mafosholo ndi mawilibala a simenti asathiridwe patsinde.

Tengani kope mujambule poloti yanu. Tsiku la mvula yamphamvu tulukani ndi ambulera muone kumene madzi akuchokera, kumene akuthamanga ndi pamene akudikha. Lembani zimenezi pa chojambulacho. Lembaninso za dzuwa. Kuno kwathu, mu Juni ndi Julaye dzuwa limapendekera kumpoto, choncho mthunzi wa nyumba ndi wa mpanda umagwera kum'mwera. Chakumapeto kwa Okutobala limadutsa pamutu penipeni. Onani mbali imene mwera umalowera. Pomaliza, yang'anani pamene anthu akuponda okha popita ku mpope kapena ku geti, chifukwa njira zanu zidzadutsa pomwepo.

Gawo lachiwiri: sankhani zotsala, makamaka zitsa

Itanani munthu wachikulire wa m'deralo amene amadziwa mitengo, muyende naye. Adzakuonetsani kuti kachitsamba kamene mumakayesa kachabe ndi mpoza, kena ndi mateme, kena ndi mlombwa kapena muwanga umene unadulidwa ndi owotcha makala. Mangani kansanza pa chilichonse chotsala.

Zitsa musazipeputse. Mitengo yambiri ya m'nkhalango zathu, monga mombo, tsamba, msolo ndi naphini, ikadulidwa siifa. Pansi mizu imakhala yamoyo, ndipo imaphukira chaka ndi chaka. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zinazo mudule ndi chikwanje chakuthwa, mukutema chokweza kuti khungwa lisang'ambike. Sadzani nthambi za m'munsi kufika pakati pa mphukira, za kumtunda muzisiye. Pakatha miyezi ingapo bwerezani. Mphukira yotere imakula msanga kuposa mbande ya m'chubu chifukwa ikuyamwa ndi mizu ya mtengo waukulu. Njira imeneyi inatchuka ku Niger kuyambira mu 1983, pamene Tony Rinaudo wa ku Australia anayamba kuilimbikitsa pakati pa alimi a chigawo cha Maradi, ndipo yabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Pa poloti ya m'tauni imagwiranso ntchito chimodzimodzi.

Pali chifukwa china chosungira mitengo imeneyi. Msuku ndi mombo zimadalira bowa wa m'nthaka amene amakhala pa mizu yake, n'chifukwa chake mbande zake zimavuta kugwira pa dothi lachilendo. Mukapeza msuku uli chilili pa poloti yanu, mwapeza chinthu chimene ndalama sizingakubwezereni msanga. Ndipo amene anaonapo masamba ofiira a tsamba akuphuka mu Sepitembala, mvula isanagwe n'komwe, amadziwa kuti palibe duwa la pa nazale lofanana nawo.

Za chulu, ganizani bwino. Chikakhala pafupi ndi maziko a nyumba, chichoke. Chikakhala kumapeto kwa poloti, ine ndingachisiye, chifukwa mitengo imakonda dothi la pachulu, ndipo kakweredwe kake kamapatsa malo athyathyathya maonekedwe.

Gawo lachitatu: madzi a mvula asatuluke pa geti

Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Denga la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi likalandira mvula ya mamilimita 20, limatsitsa malita 2,000, kutanthauza migolo khumi ya malita 200, usiku umodzi wokha. Makomo ambiri madzi onsewa amawalondolera kumsewu, kumene amakakumba zigwembe.

Pangani felemu yooneka ngati chilembo cha A ndi timitengo titatu, pamwamba mumangirire chingwe chokhala ndi mwala kumapeto. Imikani felemuyo, chongani pamene chingwe chadutsa pa mtengo wopingasa. Sinthanitsani miyendo pa malo omwewo, chonganinso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene chingwe chiyenera kugwera miyendo yonse ikakhala pa mulingo umodzi. Yendani ndi felemuyo mopingasa chitsetse, mukukhoma zikhomo, monga mmene alangizi amapangira akalozera m'minda.

Kumbani ngalande kutsata zikhomozo, yakuya masentimita 30 mpaka 40, dothi mukuliunjika kumunsi kwake. Pa mtumbirawo bzalani vetiva mothithikana, mipata ya ngati chikhatho chimodzi. Siyani malo amodzi otsika, oyalidwa miyala, oti madzi akadzadza azisefukirapo osagumula mtumbira. Ngalande ikhale mamita osachepera atatu kuchokera pa maziko a nyumba, komanso kutali ndi chimbudzi. Madzi ayenera kulowa pansi pasanathe masiku awiri. Akamakhalitsa, ndiye kuti dothilo ndi la makande, ndipo muchepetse kuya kwa ngalande kuopa udzudzu. Pa malo otsetsereka kwambiri, monga m'mbali mwa phiri la Soche kapena la Ndirande, musakumbe ngalande zosunga madzi, chifukwa dothi lonyowa kwambiri pa chitsetse limatha kugumuka. Kumeneko gwiritsani ntchito mizere ya vetiva ndi miyala basi.

Gawo lachinayi: gawani malo osesa ndi malo olekerera

Makolo athu sanali kusesa pabwalo chabe. Bwalo loyera limaonetsa njoka ikamabwera, limatchinga moto wolusa, ndiponso ndi poyanika mphale ndi posewera ana. Lisungeni, mamita angapo kuzungulira nyumba. Cholakwika ndi kusesa poloti yonse m'mawa uliwonse mpaka mizu ndi maziko kuonekera poyera.

Kupitirira bwalolo, tsache lileke. Masamba amene mwasesa akathiridwe pansi pa mitengo, osawatentha. Dulani tinjira tokwana wilibala, tokhota pang'ono pozungulira mtengo kapena mwala, ndipo m'mphepete mwake muziyeretsa nthawi zonse. M'mphepete moyera ndi mmene mumasiyanitsa munda wosamalidwa ndi tchire.

Gawo lachisanu: onjezani zomera, mochepa

Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma bzalani koyambirira, mvula ikangokhazikika, kuti mizu izike chilimwe chisanafike. Dzenje likhale la masentimita 60 mbali zonse. Dothi lapamwamba liikeni padera, mulisakanize ndi manyowa, ndipo ndilo liyambe kubwerera m'dzenje.

Mtengo uliwonse uli ndi malo ake. Kachere ndi mkuyu zimaitana mbalame zambiri, koma mizu yake imang'amba mapaipi ndi makoma, choncho zikhale kutali. Mbawa ndi ya poloti yaikulu. Nyowe imafuna ponyowa, kumunsi kwa ngalande. Muwale umagwira ngakhale mutangozika nthambi yake, ndipo umachita maluwa ofiira ulibe masamba. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kukhala wobiriwira m'chilimwe, pamene mthunzi ukufunika. Pa miyala ndi pouma ikani aloe, amene amachita maluwa nyengo yozizira n'kumaitana timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa. Mbewu za mitengo yachilengedwe mungafunse ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, ndipo kuti muone mmene mitengoyi imaonekera ikakula, pitani ku minda ya National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Musakazule aloe kapena chinaka kuphiri.

Musabzale kamodzikamodzi ka mtundu uliwonse. Sankhani mitundu yochepa, muibzale m'magulu, gulu lomwelo lizionekanso patsogolo. Piet Oudolf wa ku Netherlands, amene anakonza zomera za pa High Line, paki ya ku New York imene inatsegulidwa mu 2009, amadziwika ndi kubzala udzu ndi maluwa m'magulu otere n'kuzisiya ziume zili chiimire m'nyengo yozizira m'malo mozidula. Kwa ife nyengo yofanana nayo ndi chilimwe. Tsekera wouma dzuwa likamalowa amawala ngati golide, ndipo mpheta zimadya njere zake. Koma kwathu kuli moto. Udzu wautali ukhale m'zigawo zolekanitsidwa ndi tinjira, usagunde mpanda wa udzu kapena nyumba, ndipo pofika Ogasiti umwetedwe. Wina mufolerere khola, wina muphimbire nthaka.

Lantana ndi namasupuni zisalowe pakhomo panu, chifukwa zimafalikira n'kupha zomera zina. Nkhadze musaibzale pamene pamasewera ana, utomoni wake umawononga maso.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: sankhani chosema

Dikirani kufikira munda utayamba kuoneka mmene udzakhalire, ndiye muganize za chosema. Ndipo chikhale chimodzi. Pa poloti wamba, ziboliboli zisanu zimangopikisana, maso osadziwa poima.

Amene akufuna kuona mmene mwala wosemedwa umakhalira pakati pa mitengo aphunzire ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve ku Zimbabwe. Malowa anali esiteti ya fodya ya Tom Blomefield. Malonda a fodya atalowa pansi chifukwa cha zilango za chuma zimene maiko anaika pa boma la Rhodesia (dzina lakale la Zimbabwe), mu 1966 iye ndi antchito ake anayamba kusema mwala wa serpentine umene unali pa malo omwewo, atalangizidwa ndi mmisiri Crispen Chakanyuka. Ambiri mwa antchitowo anali ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, anatchuka ndi nkhope zomwetulira za maso otsinzina ndi za anthu oimba likhweru. Josiah Manzi, Myao amene makolo ake anachokera ku Malawi, nayenso anatchuka ndi luso lomweli. Ku Tengenenge zosema zimaikidwa panja, pa timitengo tozikidwa pansi pa mitengo yachilengedwe, ndipo mthunzi wa masamba umayenda pa mwalawo tsiku lonse. Ku Harare kuli Chapungu Sculpture Park, imene anayambitsa Roy Guthrie mu 1970, ndipo abale athu okhala ku Cape Town angakaone miyala yosemedwa ya ku Zimbabwe m'munda wa Kirstenbosch. Kuno kwathu pitani ku Mua, ku Dedza, kumene bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976 ndi kuphunzitsa amisiri ambiri osema mitengo.

Pogula, funsani za chinthu chimene chasemedwacho. Mwala wolimba monga springstone umapirira dzuwa ndi mvula. Mwala wofewa, uja umakandika ndi chikhadabo kapena ndi msomali mosavuta, ndi wa m'nyumba kapena pakhonde. Chosema cha mtengo chimafuna mtengo wolimba ndi wouma bwino, ndipo ngakhale zili choncho chidzachita ming'alu pang'ono ndi kutuwa. Ngati zimenezo simungazilole, chiikeni pansi pa denga. Funsani kumene mtengowo unachokera. Cha mkungudza wa ku Mulanje musagule n'komwe, mtengowo watsala pang'ono kutheratu paphiripo. Chitsulo cha amisiri owotcherera chimachita dzimbiri lofiirira limene limagwirizana bwino ndi udzu wouma, bola m'mphepete mwake musakhale mwakuthwa.

Ngati m'thumba mulibe, musataye mtima. Mtsuko waukulu woumba amayi a m'mudzi, mphero yakale ndi mwana wake, mtondo wosiyidwa, kapena mwala wokongola umene unafukulidwa pokumba maziko, zonsezi zikaikidwa pa malo oyenera zimagwira ntchito yomweyo. Njira ina yabwino ndi kuitana mmisiri adzaseme chitsa cha mtengo umene unauma uli pomwepo. Mukambirane mtengo wa ntchito mwaulemu. Luso la munthu si tomato wa madzulo woti munenerere mpaka apereke mwaulere.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Zigoba za gule wamkulu si zokongoletsera munda. Zili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo kuzikoleka pamtengo kuti alendo azijambulitsa nazo n'kunyoza mwambo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: pezani pamene chiime

Apa ndi pofunika kufatsa kwambiri, chifukwa chosema chabwino pa malo olakwika chimangooneka ngati katundu woiwalika.

Musanyamule mwala wolemera uku ndi uku. Pezani katoni kapena thumba lodzaza udzu la msinkhu wofanana nacho, muliike pamene mukuganiza, mulisiye masiku angapo. Liyang'aneni muli pakhonde pamene mumamwera tiyi, muli pa zenera la kukhitchini, ndiponso mukulowa pa geti. Lisunthe mpaka mtima ukhazikike.

Pakati penipeni pa bwalo nthawi zambiri si pabwino. Malo abwino ndi pamene kanjira kakukhota, kuti munthu achione mwadzidzidzi. Kapena kumapeto kwa kanjira, kuti chimukoke apite kumeneko. Kapena m'mphepete mwa mthunzi wa mtengo waukulu. Sichiyenera kuoneka chonse kuchokera paliponse. Udzu ukabisa m'munsi mwake, chimaoneka ngati chinamera pomwepo.

Onani chimene chili kumbuyo kwake. Mwala wakuda umasowa ukakhala patsogolo pa masamba obiriwira kwambiri mu mthunzi, koma umaonekera bwino patsogolo pa udzu wotuwa kapena khoma la njerwa zowotcha. Mwala woyera ndi mtengo wowala zimafuna kumbuyo kwakuda. Thanki, chingwe choyanikira zovala ndi khomo la chimbudzi zisakhale kumbuyoko.

Kenako kuwala. Dzuwa la masana limafafaniza nkhope ya chosema, pomwe la m'mawa ndi la madzulo, lobwera cham'mbali, limatulutsa mzere uliwonse umene mmisiri anasema. Ngati mumakhala panja madzulo, chitembenuzeni kuti dzuwa lolowa lizichimenya pa tsaya limodzi. Siyani mpata woti munthu aime patali pafupifupi kawiri kapena katatu kutalika kwa chosemacho, ndipo ngati chasemedwa mbali zonse, pakhale pozungulira. Ikani benchi kapena chipika pamene chimaonekera bwino koposa. Musachiike pansi pa mtengo umene mbalame zimagona, kapena pansi pa mango ndi mvunguti, pamene zipatso zimagwa.

Gawo lachisanu ndi chitatu: chiimikeni molimba

Chosema chimene mwana angachigwetse ndi ngozi. Kumbani dzenje lokulirapo kuposa tsinde lake, lakuya masentimita 30 kapena kuposa ngati chili chachitali. Tsirani kwale pansi, sinjani, kenako konkire ya muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale. Konkire isanaume zikanimo chitsulo chotulukira pamwamba, choti chidzalowe m'bowo la pansi pa chosema. Bowolo aboole mmisiri amene anasema, chifukwa iye ndiye akudziwa pamene mwalawo ungang'ambike. Thirirani konkireyo kwa sabata musanaikepo katundu. Chitsulocho chimatetezanso ku akuba.

Konkire isaonekere. Ithere pang'ono pansi pa dothi, kapena muyalepo mwala wafulati wa m'dera lomwelo. Chosema cha mtengo chisakhudze dothi ngakhale pang'ono, chikhale pa mwala wokwera chikhatho chimodzi kuti madzi asadikhe pansi pake ndiponso kuti muziona msanga chiswe chikayamba kumanga njira. Mtsuko muuboole pansi kapena muuvundikire kuti usasunge madzi. Ngati mukufuna poti mbalame zizimwa, ikani phale losaya pambali, madzi ake muzisintha masiku awiri alionse.

Pozungulira bzalani mtundu umodzi wokha, wosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa chosemacho. Maluwa amitundumitundu pa tsinde amalanda maso.

Gawo lachisanu ndi chinayi: kusamalira chaka ndi chaka

Mvula ikatha, tsukani mwala ndi madzi ndi kansalu kofewa, osagwiritsa ntchito bulashi ya waya kapena mankhwala oyeretsera. Mbali zopolishidwa zikatuwa, dikirani tsiku lotentha, mwala ukafunda ndi dzuwa muupake phula la njuchi kapena polishi wa pansi wopanda mtundu, ukazizira mupukute mpaka uwale. Mbali zimene mmisiri anazisiya zokhakhala musazipake kanthu. Ndere zikamerapo zisiyeni. Chosema cha mtengo chipakeni mafuta a linseed mvula isanayambe, osati vanishi, amene amasupuka padzuwa. Oilo wakutha wa galimoto asayandikire, amadetsa mtengo ndi kuwononga nthaka.

Zomera zidzakula n'kusintha malowo. Chaka chilichonse mu Meyi, udzu uli pa msinkhu wake wonse, khalani pa benchi paja muone ngati chosema chikuonekabe monga munafunira. Nthambi imene yachiphimba idulidwe, imodzi yokha kaye, mubwerere pa benchi muonenso musanadule ina. Timitengo tomera tokha, timene mbalame zabweretsa, musatizule musanatidziwe dzina. Tiikeni chikhomo, mudikire masamba akule, ndiye muitanenso wachikulire uja adzakuuzeni kuti ndi mtengo wanji.